Ng'ombe za Loserian Siziwerengedwa

"Ababa, woweruza amadziwa bwanji kuti wakuba ndi uyu?" anandifunsa tsiku lina mwana wanga Mwajabu. Ndinamuyankha kuti amayamba wamva mbali zonse.

Lero ndili pabenchi lakumbuyo m'khoti, ndipo yankho lija likundiwawa. Kutsogoloko kwaima Loserian, Mmasai amene khola lake lagundana ndi munda wanga. Akuti anaba ng'ombe ya a Chilongola, ya banga loyera pamphumi. Ng'ombeyo ine ndinaiona ikubadwa m'khola mwa Loserian.

"Uli ndi ng'ombe zingati?" akufunsa woweruza.

Kwawo kwa Loserian ng'ombe saziwerenga, amati kuwerenga kumaitana tsoka.

"Ndimaidziwa iliyonse, bwana, ndi mayi wake yemwe."

Khoti lonse lafa nacho chiseko. "Awerenga bwanji, poti kukacha zimakhala zitachuluka!" wakuwa wina. Woweruza nayenso wamwetulira uku akulemba.

"Anthu inu timakudziwani," watero woweruzayo. "Chigamulo Lachisanu."

Akusekawa ndi anthu amene ndimapemphera nawo, amene adzanyamule maliro anga. Ndikatsegula pakamwa adzati Amasai andigula ndi mkaka. Ndangokhala pansi mpaka woweruza watuluka.

Pakhomo Loserian waima, wapolisi atamugwira pamkono.

"Aneba, paja ng'ombe ija inu munaiona ikubadwa."

"Ndinaiona. Lachisanu ndidzanena, chigamulo chisanawerengedwe."

"Mokweza?"

A Chilongola ali pambali pathu pomwepa, akumva zonse.

"Mokweza, aneba," ndatero. "Ndidzakhala pabenchi lakutsogolo."