Chibangili cha Zione

Makina olumikiza mafupa amene bungwe la madokotala a zamasewera padziko lonse linaika kuchipatala chathu amatsegukira osewera okha, ovala chibangili cha bungwelo. Pakhomo pano anali nacho ndi mwana wanga Zione, katswiri wa mpira wa ntchemberembaye.

Bambo ake atagwa padenga n'kuthyoka mwendo, Zione anawaveka chibangilicho tisanawakweze pangolo. Titafika kuchipatala, makinawo anawaunika nkhope.

"Uyu si wosewera," anatero makinawo, chitseko chake chili chitsekere. Chibangili chinazima pomwepo, ndipo Zione anachotsedwa m'timu mpaka kalekale.

Bambowo sitinawauze za kuchotsedwako. Masiku ano amakwawa popita kuchimbudzi, mwendo titaumanga ndi nsungwi.

Dzulo anafunsa, "Mwanawe, bwanji sukupitanso kubwalo?"

"Ndipita mawa, ababa," anatero Zione, akuwamanga nsanza ina pabala.