Miyendo Imene Nkhwali Anasirira

Padangokhala, kudambo kwina kunali Nkhwali, amene mtima unkamuwawa akaona Kakowa akuyenda monyang'wa m'madzi.

"Miyendo yaitali ndi yake yekha kodi?" ankadzuma. "Nawonso adzukulu anga adzakhala nayo."

Ana ake aakazi atakula, aliyense wodzafunsira ukwati ankamuyang'ana kumiyendo basi. Wamfupi ankabwezedwa pakhomo. Adzukulu anabadwa otalikirapo, ana awo anatalika koposa, ndipo Nkhwali anakawandandalika pamaso pa Kakowa.

"Mwaonatu, achimwene? Takupezani."

"Ndaona, achemwali," anatero Kakowa. "Nanga makosi aataliwo?"

"Makosi sindinasankhe ine."

"Munasankha mosadziwa. M'magazi a banja lanulo, chotalikitsa mwendo chimatalikitsanso khosi. Mukakoka chimodzi, chinzake chimatsatira."

Nkhwali asanayankhe, Mphamba anayamba kuzungulira kumwamba.

"Bisalani!" anakuwa Nkhwali.

Anawo ananjuta mu udzu monga ankachitira makolo awo, koma mitu inatsalira pamtunda ngati ngala za mapira. Mphamba anawakha wamtali kuposa onse, amene Nkhwali ankamunyadira kwambiri.

Nkhwali analira mpaka mawu kusasa. Koma Kakowa atamupepesa n'kuuluka, iye anapukuta misozi, namuyang'anitsitsa.

"Koma nthenga zake kuyera!" anang'ung'udza.

Yanga nthano yadukira pamenepo.