Chipale Chofewa ku Changata

Mayi Namakhwa anaima pakhomo la ofesi ya esiteti, dengu lothyolera tiyi lili kumsana, kumutu atameta mpala.

"Nambala yawo ya ntchito yafufutika mukompyuta," anatero a Lackson, kapitawo wawo. "Inu a ku Blantyre, si ndinu mwabweretsa makinawa? Konzani."

Ndinali nditakhalapo masiku anayi okha, chikwama nditamanga kale. Pulogalamu ya pakompyuta imene ndinabweretsa inachokera ku likulu la kampani, ku Ulaya. Kumeneko chachikulu n'kudziwa amene wajomba. Munthu akajomba masiku atatu popanda chifukwa, kompyuta imamuchotsa ntchito yokha.

"Munali kuti, mayi?"

"Ku Changata, bambo. Ndimakaika mwana."

Ndinatsegula mndandanda wa zifukwa. Panali matenda, koma pankafunika nambala ya kalata ya dokotala. Panali tchuthi chopempheratu. Panali sitiraka ya sitima. Panalinso chipale chofewa chotseka misewu. Maliro panalibe.

"Kwawoko anthu safa kapena?" anafunsa a Lackson. Palibe anaseka.

Magetsi anaphethira. Jenereta inalibe dizilo, ndiye ndinayenera kusankha msanga. Chifukwa chimodzi chokha ndicho sichinkafuna pepala. Ndinadina, ndipo kompyuta inavomera kuti ku Changata kunagwa chipale chofewa masiku asanu. Nambala yawo inabwerera.

"Zatheka. Mawa mulawirire kumunda, mayi."

Sanasunthe. Anawerama n'kusuzumira pagalasi la kompyuta, ngakhale kuwerenga sankadziwa.

"Dzina la mwana wanga mwalemba bwino? Ndi Tayamika."

"Ndalemba, mayi," ndinatero.