Kamtanda M'phulusa

Kamtanda kaja kanazima.

Amuna a Theresa, a Valentino Phiri, anamusiyira popita kukasenza katundu kunkhondo ya Ajeremani. Kankawala mobiriwira mumdima. Pofuna kuti kuwalako kusathe, Theresa anakakwirira m'phulusa monga asungira moto.

"Alamu, kazima! Kodi alongo anu atisiya?" anafuula Theresa.

"Kangoda ndi phulusa aka," anatero Lucia, mlongo wa a Valentino. Anakatsuka, n'kukayanika pamphasa pamodzi ndi mtedza.

Awiriwo atalowa nako m'nyumba n'kutseka chitseko, kanayaka m'dzanja la Theresa, koma osatentha.

"Akadzutsa ndi madzi kapena dzuwa?" anafunsa Lucia, akukanunkhiza.

Asanayankhane, kuwala kunayamba kuchepa. Theresa anathamangira panja, nakakweza m'mwamba ndi manja awiri.

"Wotherani dzuwa, a Phiri," ananong'ona. "Musazime."