Mbewu ya Amayi Khashti

Girish anatsika basi mdima utagwa. Mudzi wa m'mapiri a Almora umenewu anali asanafikemo. Mlangizi wabomayu ananyamula uthenga umodzi: chamba chopangira nsalu chimene Amayi Khashti amalima ndi chiphaso chapezeka chaukali kuposa mmene lamulo limalolera. Munda wonse uyenera kutenthedwa.

"Si inu aja munatiphunzitsa za ulimi wa chamba kutauni?" anatero mayiwo atamulandira pakhomo pawo, akumuthira madzi m'manja. "Kuonda konseku! Boma silikudyetsani?"

Anamuikira mikate ya mawere ndi ndiwo za njere za chamba, zokazinga n'kusinja.

"Chaka chino chamba changa chakula kundipitirira, mwanawe. A fakitale ya nsalu abwera kale kudzaona. Mwana wanga wasiya zotsuka mbale ku Delhi, akubwerera kuno."

"Mbewu munagula kuti, amayi?"

"Kugula? Mwandiyesa wopusa? Ndinasunga ya chaka chatha mumphika, monga timachitira ndi nyemba."

Girish anasiya kutafuna. Mapiri onsewa ndi odzaza chamba chakutchire, ndipo mungu wake unali utalowerera mbewuyo. Pamaphunziro paja iye analankhula za ziphaso ndi misika tsiku lonse. Zoti mbewuyi sasunga, sanatchule. Kwawo kutauni mbewu imachokera m'sitolo.

"Bwanji, tsabola wachuluka?"

"Ayi, amayi. Zakoma."

Girish anagona komweko. M'mamawa anatuluka monyang'ama, nsapato zili m'manja. Anapeza mayiwo ali kale m'munda, akuzula udzu.

"Mukawauze akuluakuluwo kuti Khashti anamvera zonse!"

Girish anagwedeza mutu, maso ali pansi. Anatsetserekera kumsewu, uthenga uja ukadali m'kamwa.