Kamakina Konunkhiza Mowa

"Uzirani apa, a Bakari," anatero kapitawo pageti la kampani yogula mpunga, akuwalozetsa kamakina katsopano konunkhiza mowa m'kamwa. "Kagetsi kakafiira, ntchito yatha. Wokana kuuzira, yathanso."

Madalaivala anzawo, ena akununkha kachasu, anali atauzira kale, koma kagetsiko sikanayake.

A Bakari, Msilamu wosalawapo mowa chibadwire, anayang'anitsitsa kachubu konyowa ndi malovu a zidakwa.

"Mlomo wanga pamenepo ayi."

"Inu Shehe, n'kungouzira basi!"

"Tinavotera ufulu."

Anatula makiyi a lole n'kubwerera kwawo ku Chia wapansi, akudzitama mumtima ngati munthu wopambana mlandu.

Lachisanu lake kapitawo anatsegula kamakinako kuti akapukute. Munalibe mabatire kuyambira tsiku lomwe kanagulidwa.