Swichi ya Che Jafali

Pikapu imene Andreya ankayendetsa poyamba inali ya malemu Che Jafali. Iwo anabisamo swichi yozimitsa injini poopa akuba. Akuba atawagwira ku Lungwena, anawadula zala chimodzichimodzi ndi chikwanje kuti aulule pomwe inali, koma mkuluyo anafa osanena. Makaniko anaifuna mpaka kutopa, kenako anangolumikiza mawaya ena kuti galimoto iziyenda.

Usiku wina Andreya akuchokera ku Makanjira ndi usipa, anamva kuti tha! pansi pa mpando wake. Injini inazima, nyali nazonso. Anapotokola kiyi, koma kunali zii.

Anatsika, nagwada pakhomo, n'kulowetsa mkono pansipo kuti apapase mawaya. Anakhudza chikhatho chozizira, chonyowa, chopanda zala. Chikhathocho chinakanikizira dzanja lake kuchitsulo mpaka chala chaching'ono chinathyoka.

"Ndine dalaivala chabe, Che Jafali," anatero Andreya akulira. "Galimotoyi anagula ndi abwana anga."

"Ukufuna chiyani pansi pano, mwanangu?" mawu anafunsa modekha. "Anzako aja ankafunanso pompano."

Chala chachiwiri chinayamba kupindikira kumbuyo, pang'onopang'ono.